Mawu a Iskra

Iskra anakumana ndi Zahari pa siteji ya basi ya ku Trakiya, dera lina la mzinda wa Plovdiv, m'mawa wina wozizira wa mu Novembala, ndipo pomwe ankakumana n'kuti Iskrayo atapsa mtima kale.

Tsikulo ankaperekeza bambo ake, a Dimo, kuchipatala. A Dimo anayendetsa mabasi a mu Plovdiv kwa zaka zambiri, koma matenda a shuga anawalanda maso, moti tsopano sankatha kukwera okha mabasi omwe aja. Iskra anangowasiya pang'ono kuti akawagulire banitsa yotentha, chitumbuwa cha tchizi, pakasitolo ka pafupi. Pobwera anapeza basi yawo itadutsa. Bambowo anali atafunsa nambala yake mobwerezabwereza, koma pa anthu onse amene anaima pamenepo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachotsa maso pafoni kuti awayankhe.

Iskra sanawanyengerere. Anawafunsa ngati pakamwa anaiwala kunyumba, ndiponso ngati iwowo anapangana ndi Mulungu kuti sadzakalamba. Anthu anangoyang'ana kumbali. Amene anayankha anali mnyamata wamtali wa jekete lobiriwira, yemwe anali atangofika kumene.

"Achemwali, musawononge mawu okoma chonchi pa anthu osamva," anatero akumwetulira. "Mawu amenewa ali ndi ntchito ina yabwino."

Iskra anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anyamata a lilime la uchi ankawadziwa bwino. Koma uyu sanapitirize zomutamanda. Anakhala pansi pafupi ndi a Dimo, n'kuwauza kuti dzina lake ndi Zahari, ndipo iye ndi anzake akupanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa Patnik, youza munthu wosaona basi imene ikubwera ndi siteji imene wafika. Anati inali isanathe, ndipo inkalankhula ndi mawu a makina opotoza maina a misewu. Anatinso ndi yaulere.

A Dimo anaseka n'kunena kuti zaulere zinapita ndi makolo. Zahari anaseka nawo, kenako anauza Iskra kuti gulu lawo limakumana Loweruka lililonse m'chipinda chapansi cha nyumba yowerengera mabuku ya m'deralo.

Loweruka Iskra anapita, akudziuza kuti akukangoona.

M'chipindamo munali fungo la khofi ndi la majekete onyowa. Munali ana a sukulu, mayi wina wa pabanki, ndi mkulu wina wopuma pa ntchito, onse atazungulira matebulo osafanana. Mtsogoleri wawo anali Mayi Nevena, amene kale ankaphunzitsa masamu, mayi wa imvi zometa ndi mawu osazungulira. Iskra atanena kuti iye amangogulitsa nsalu m'sitolo ndipo za makompyuta sadziwa kanthu, mayiwo anangomukankhira mpando.

"Ukagula buledi umangodya, zimene aikamo sudziwa," anatero. "Kuno timakupatsa buledi ndi kaphikidwe kake komwe. Werenga, konza, gawira amene ukufuna, ngakhale kugulitsa gulitsa. Lamulo ndi limodzi basi: chitseko chimene wapeza chotsegula usatseke, ndipo maina a amene anagwira ntchito usafufute."

Kaphikidweko ankakatcha khodi, mizere ya malangizo imene imauza kompyuta chochita. Khodi yonse ya Patnik inali pa tsamba la gululo pa intaneti, pomwe munthu aliyense padziko akanatha kuiwerenga. Zimenezi zinamukhudza Iskra kuposa mmene ankayembekezera. Moyo wake wonse anazolowera zitseko zotseka ndi mawu oti bwerani mawa. Kodi panalidi anthu ogwira ntchito Loweruka lonse kuti mlendo amene sadzamuona akwere basi bwino?

Tsiku lomwelo Zahari anamuikira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, pa laputopu yake yakale, ndipo chinthu chimene chinkangofuna kutayidwa chinadzukanso.

Nyengo yozizira yonse Iskra anaphunzira. M'sitolo mukakhala zii, ankabisa laputopu kuseri kwa mipukutu ya nsalu n'kumayeserera. Zahari ankamudikira akaweruka. Ankakamwa khofi ku dera la Kapana, kapena kukwera phiri la Nebet Tepe akutafuna nthanga za mpendadzuwa, mnyamatayo akumufotokozera zimene zamuvuta moleza mtima ngati alibe kwina kopita.

M'mawa uliwonse foni inkalira. "Wadzuka bwanji njiwa yanga? Ine mawu ako akungolirabe m'makutu mwanga."

Masana inkaliranso. "Duwa langa, wadya? Usamadzizunze, mtima uli mwa iwemo ndi wanga."

Iskra ankawerenga akumwetulira yekha, mpaka mwini sitolo anayamba kumufunsa ngati wapambana mpikisano.

Mu Febuluwale anakonza cholakwika chake choyamba. Patnik inkadumpha siteji ina ya pafupi ndi msika, ndipo iye anapeza chifukwa chake. Anatumiza ntchitoyo pa tsamba la gulu. Yankho la Mayi Nevena linabwera lalitali, pamaso pa aliyense: apa dzina silikumveka, apa wabwereza, apa ziphwanya zina, konza utumizenso.

Iskra analira. Zahari anamupukuta misozi ndi mpango wake, n'kumuuza kuti Nevena ndi nkhalamba yansanje imene imadana ndi atsikana anzeru.

"Uzitumiza kwa ine, njiwa yanga," anatero. "Ine ndizisalaza kaye. Sindingalole kuti munthu akuchititse manyazi, ndili moyo."

Ndani akanakana mawu otere? Kuyambira pamenepo chilichonse chimene Iskra ankalemba chinkapita kwa Zahari yekha.

Pa tsiku loyamba la Marichi, pomwe mzinda wonse unkamangana ulusi wofiira ndi woyera mwa mwambo wotsanzikana ndi nyengo yozizira, Zahari anamumanga wake padzanja n'kulipsompsona.

"Ulusi uwu ndi chikole chabe," ananong'ona. "Mphesa zisanathe m'minda, pachala ichi padzakhala chinthu chonyezimira. Ndikanama, dzuwa lisadzandiwalirenso."

Tsiku lomwelo m'pamene anatulutsa ganizo lake lalikulu. Anati Patnik isiye mawu a makina aja, izilankhula ndi mawu a Iskra. Koma anati zikhale zachinsinsi, adzadabwitse gulu lonse pa chikondwerero chawo cha mu Okutobala. Anamulangizanso kuti ayambe wasiya kupita Loweruka, chifukwa Nevena ali ndi mphuno yakuthwa ndipo angawononge zonse.

Choncho Lamlungu lililonse masana Iskra ankalowa m'kabati ya zovala yomwe anaikuta ndi mabulangete kuti phokoso lisalowe, n'kumajambula mawu. Anatchula siteji iliyonse ya mu Plovdiv, nambala iliyonse ya basi, ndi ziganizo zambirimbiri zimene Zahari ankamulembera. M'chilimwe m'kabatimo munkatentha ngati mu uvuni, thukuta kamukamu, mmero n'kuuma. A Dimo ankakhala panja pa chitseko n'kumamukonza katchulidwe, nthawi zina n'kuwonjezera nkhani za madalaivala anzawo mpaka kujambulako kusokonekera ndi kuseka. Chiyambireni khungu lawo, Iskra anali asanawaone akusangalala chotero. A Dimo ankamutcha Zahari mwana wanga, ndipo rakiya yawo yabwino, kachasu wa kumeneko, ankaitulutsira iye yekha.

Miyezi imeneyo Zahari anayamba kupitapita ku Sofia. Ankati mayi ake akudwala. Iskra ankamupangira kamba wa paulendo, n'kumatumiza mafuno abwino kwa mayi amene anali asanawaonepo.

Mu Seputembala, ku Msika wa Lachinayi, Iskra anagundana ndi Mayi Nevena atanyamula thumba la tsabola wofiira. Anafuna kuwazemba koma zinakanika.

Mayiwo anati anamva kuti gulu linamutopetsa, ndipo wabwerera ku nsalu zake. Anati ndi Zahari amene anawauza choncho, pa ulendo womaliza umene mnyamatayo anaonekera kumeneko, mitengo isanaphuke n'komwe. Chichokereni sanatumizepo kanthu pa tsamba la gulu, kake kapena ka munthu wina.

Iskra anayankha mwaukali kuti amene anamuthamangitsa ndi iwo, ndi yankho lawo lomunyoza lija.

"Kukunyoza?" Mayi Nevena anaika thumba pansi. "Mwana iwe, ntchito yachabechabe sindiitayira nthawi. Ndinalemba zambiri chifukwa inali yabwino, ndipo ndinadikira kuti utumizenso. Pa ife chilichonse chimachitika poyera. Munthu akakuuza kuti tichite mobisa, uzimufunsa kuti akubisira ndani."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Iskra sanafune kumva. Madzulo ake anamufunsa Zahari pafoni, ndipo iye anaseka mpaka kutsokomola. Anati inde ananama kwa Nevena, nanga chinsinsi akanachisunga bwanji? Kenako anafewetsa mawu.

"Siya za nkhalamba ija, mtima wanga. Lamlungu ndikubwera ndi nkhani yaikulu. Uwauze bambo avale malaya awo oyera."

Mantha onse anasungunuka. Iskra anadziwa nkhaniyo, ndipo sabata yonse ankayenda ngati sakuponda pansi.

Lamlungu anadzuka ndi ntchito. Anaphika tsabola woikamo mpunga ndi nyama, anadula saladi, anayala nsalu ya patebulo imene mayi ake anasiya. A Dimo anameta ndevu, anavala malaya oyera, n'kukhala pampando mowongoka ngati akudikira kujambulidwa.

Belu linalira nthawi isanakwane. Sanali Zahari. Anali a Stoyko, mnzawo wa a Dimo wa ku bungwe la anthu osaona, atagwira ndodo yawo yoyera ndi foni, akupuma mwawefuwefu ndi chisangalalo.

"Dimo, tambwali iwe, n'chifukwa chiyani umandibisira kuti mwana wako watchuka?" anatero asanakhale n'komwe. Anafotokoza kuti mdzukulu wawo wawaikira pulogalamu yatsopano ya mabasi, ya kampani ina ya ku Sofia, ndipo atangoimva anazindikira mwini mawu.

Anadina foniyo.

"Basi nambala sikisi ikubwera," anatero mawu a Iskra, oyera, ofatsa, momwe anawajambulira m'kabati muja.

Supuni imene inali m'manja mwa Iskra inagwa. Anatenga foniyo. Dzina linali lina, mitundu ina, chizindikiro cha kampani pamwamba. Koma atayendayenda m'katimo anaizindikira Patnik ngati mmene munthu amazindikirira mwana wake atavala zovala za eni. Zimene iye analemba kuseri kwa nsalu zija zinali momwemo. Anafufuza polowera ku khodi, panalibe. Anafufuza maina a gulu, la Nevena, la ana a sukulu aja, lake lomwe, panalibe ndi limodzi lomwe.

A Stoyko anati vuto lake ndi limodzi, imangokuthandiza masiku ochepa. Iwo dzulo lake inawasiya pakati pa ulendo, osadziwa pomwe ali. Anadinanso kuti amve okha.

"Kuti mupitirize ulendo, lipirani kaye," anatero mawu a Iskra.

Iskra anachikumbuka chiganizocho. Zahari anamuuza kuti ndi cha matikiti a basi, ndipo anamubwerezetsa kangapo kuti chimveke mokoma, ngati akumwetulira.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Ndiye kuti thukuta lonse lija, kuseka konse kwa bambo ake panja pa kabati, kunali kokonza msampha wa a Stoyko? Ndiye kuti pamene iye ankadziona ngati mkwatibwi, munthu anali akumudyera masuku pamutu, n'kumamupukuta pakamwa ndi mawu oti njiwa yanga?

Belu linaliranso.

Zahari analowa atanyamula maluwa ofiira ndi bokosi la chokoleti, atavala suti yatsopano, akununkhira. Anapereka moni mwaulemu kwa akuluakuluwo, kenako anatulutsa kabokosi m'thumba n'kugwada pamaso pa Iskra. Mphete inali yokongoladi.

Iskra sanatambasule dzanja. Anaika foni ya a Stoyko patebulo n'kudina, mawu aja n'kubwereza pempho lawo.

Chimene chinamupweteka kwambiri n'choti Zahari sanachite manyazi. Anangodzuka, n'kusasa bondo, n'kunena kuti zamulanda mwayi, amafuna awauze yekha pa chakudya. Anati kampaniyo yagula pulogalamuyo, yamupatsa ntchito, ndipo nyumba yawo ya ku Sofia waipeza kale. Mayi ake ali bwinobwino, sanadwalepo.

"Zonsezi ndachitira ife, duwa langa. Ukuganiza mpheteyi yagwa kumwamba?"

"Khodi ya gulu mwaitseka," anatero Iskra. "Maina a anthu mwafufuta."

"Mwaitseka? Bwanji ukundipatsa ulemu ngati mlendo?"

"Chifukwa sindikukudziwani."

Zahari anayamba kukwiya. Anati anthu aja akhala akulota m'chipinda chapansi zaka zonsezi, ndipo adzafera momwemo ndi khofi wawo wozizira. Anafunsa ngati ufulu umadyedwa. Anati iye anangosintha maina ndi mitundu, a kampani akudziwa kuti analemba yekha, ndipo palibe amene angatulukire chifukwa khodiyo palibe angaione.

Iskra anamuuza kuti kugulitsa palibe anamuletsa, akanatha kugulitsa poyera, chitseko chili chotsegula, maina ali pamalo pake, ndipo a Stoyko akanasankha okha. Koma iye anatenga chimene anthu anapereka ndi manja awiri n'kuchikhomera loko. Ndipo mawu ake, amene anapereka chifukwa cha bambo ake, anawasandutsa mlonda woimitsa akhungu panjira.

"Za bambo usade nkhawa," anatero Zahari mwachangu, ngati wapeza potulukira. "Ndakonza kale. Iwo sadzalipira moyo wawo wonse."

"Nanga ine?" anafunsa a Stoyko chapansipansi.



Apo a Dimo anaimirira. Anapapasa khoma mpaka pachitseko, anachitsegula, n'kuima pambali pake atawongoka m'malaya awo oyera aja.

"Achimwene," anatero, ndipo aka kanali koyamba kusamutcha mwana wanga, "m'basi mwanga ndinanyamulamo zidakwa, ndinanyamulamo opisa m'matumba. Wobera akhungu sindinamunyamulepo. Siteji yanu ndi ino. Tsikani."

Zahari anayang'ana Iskra, akudikira kuti amuikire kumbuyo. Iskra anamupatsa maluwa ake. Zahari anatuluka, ndipo Iskra anamumva akutsika masitepe pang'onopang'ono, ngati akuyembekeza kuitanidwa.

Palibe anamuitana, ngakhale kuti mtima wa Iskra, chitsiru cha mtima, unkafuna kuthamangira pazenera.

Iskra anakaima kukhitchini, atagwira m'mphepete mwa sinki. Tsabola uja anali atazizira. Kuchipinda chochezera akuluakulu awiri aja ankalankhula motsitsa, a Stoyko akupepesa kuti abweretsa tsoka pa tsiku labwino, a Dimo akuwauza kuti asiye zopusa, abweretsa maso m'nyumba.

Foni yake inalira.

Unali uthenga wa Zahari. Mwina wazindikira. Mwina akuti pepa, ndibweza zonse, ndikawauza a kampani zoona. Akanangolemba zimenezo, Iskra ankadziwa kuti akanamukhululukira tsiku lina, ngakhale patapita nthawi. Anatsegula uthengawo.

"Njiwa yanga, mkwiyo utha, tikambirana. Koma chonde usamuuze Nevena kapena wina aliyense wa gulu. A kampani akamva za lamulo la gulu lija, ine ndathera pomwepo. Zikhale za ife awiri."

Anawerenganso, akufunafuna liwu loti pepa. Munalibe. Ngakhale funso loti uli bwanji munalibe. Munthu anali asanafike n'komwe pa siteji, koma chimene chinkamudetsa nkhawa si mkazi amene wamusiya wosweka mtima, ayi, ndi chinsinsi chake.

Iskra anasamba m'manja, anakankhira mbale kumbali pa tebulo la chinkhoswe chake, n'kutsegula laputopu. Analowa pa tsamba la gulu, pomwe aliyense amawerenga, n'kulemba m'dzina lake. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, za khodi, za mawu, za kampani, osadzibisa pomwe iye anapusa. Anaikapo ntchito yake yonse ya miyezi ija ndi mawu onse amene anajambula, kuti akhale a aliyense. Pamapeto anamatapo uthenga wa Zahari momwe unalili, ndi njiwa yanga yake yomwe, n'kulemba pansi pake kuti, "Izinso zikhale poyera."

Anatumiza.

Atatero m'pamene anaika mutu pa nsalu ya mayi ake n'kulira kulira kwenikweni, chifukwa mbava ija ankaikondabe.